Musanakapikule katundu ku Kariakoo kapena ku Guangzhou: momwe mungaphunzirire kuchita malonda ndi anthu a miyambo ina

Wamalonda amene akupita kukapikula katundu kunja amakonzekera zambiri. Amathamangira pasipoti, amasaka madola amene masiku ano akuvuta kupeza, amafunsa za thiransipoti ndi msonkho wa MRA. Chimene ambiri sakonzekera ndi munthu amene akakhale naye maso ndi maso kumeneko: momwe amavomerera, momwe amakanira, zimene zimamukwiyitsa, ndi tsiku limene amatseka sitolo. Katundu akafika wolakwika timangoti "anandibera". Nthawi zina n'zoona, akuba aliponso kumeneko. Koma kawirikawiri anthu awiriwo anasiyana aliyense akukhulupirira kuti amvana, pomwe aliyense anamva zake.

Luso limeneli limaphunziridwa ngati luso lina lililonse. Pano nditenga misika iwiri imene Amalawi ambiri amapitako, wa Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam ndi ya ku China, makamaka Guangzhou ndi Yiwu. Za Johannesburg ndi Dubai ndizitchula apo ndi apo.

Choyamba, dzimvetsereni nokha

Ife timaona ngati mayankhulidwe athu ndi a anthu onse, ndipo achilendo ndi enawo. Koma tamvetserani zimene mumanena tsiku limodzi pa geni yanu. Kasitomala akapempha chinthu chimene simungathe, mumati "tiona" kapena "chabwino, ndikuyimbirani", mukudziwa kuti simuyimba. Mumati "ndili m'njira" musanasambe n'komwe. Munthu wamkulu akamakudzudzulani mumayang'ana pansi, mwinanso kumwetulira chifukwa cha manyazi. Mmalawi mnzanu amamva zonsezi bwinobwino. Amadziwa kuti "tiona" ndi ayi wa ulemu.

Wa ku Germany kapena ku Netherlands amene akufuna kugula mtedza wanu sadziwa zimenezi. Iye akamva "chabwino" amalemba kuti mwavomera, ndipo tsiku likafika osaona katundu amati ndinu wabodza. Kumwetulira kwanu pamene akudandaula amakutenga ngati chipongwe. Maliro nawonso: ife timasiya zonse n'kupita kumudzi masiku atatu, foni itazima, ndipo palibe amene angatifunse. Mnzanu wa ku Yiwu amene akudikira dipoziti kuti ayambe ntchito amangoona kuti mwathawa. Uthenga umodzi wachidule musananyamuke, wonena kuti kwagwa zovuta ndipo muyankha Lachinayi, umapulumutsa oda yonse.

Ndiye kwa sabata imodzi, lembani m'kope nthawi iliyonse imene mwavomera pakamwa mumtima mukukana, ndi nthawi iliyonse imene mwatchula ola limene simunalisunge. Cholinga si kusiya ulemu wathu ayi. N'kuti mudziwe malo amene mlendo angakumveni molakwika.

Chachiwiri, sankhani msika umodzi, muphunzire wotchi ndi kalendala yake

Musafune kudziwa dziko lonse lapansi nthawi imodzi. Sankhani kumene mpamba wanu ukupita chaka chino.

Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri, China ndi maola 6. South Africa tili nayo nthawi imodzi. Izi zikutanthauza kuti mukamatsegula shopu 8 koloko m'mawa ku Lilongwe, ku Guangzhou ili kale 2 koloko masana, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro kuno, ofesi ya fakitale kumeneko ikutsekedwa. Mafunso ofunika atumizeni usiku musanagone kuti mudzuke mayankho alipo.

Ku Tanzania kuli msampha wina umene wagwira anthu ambiri oyamba kumene. M'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira dzuwa likatuluka, choncho "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa, "saa nne" ndi 10 koloko. Wamalori akakuuzani kuti anyamuka "saa mbili", akunena 8 koloko, osati 2. Mupempheni alembe nthawiyo m'manambala a pa foni, kapena akulozereni pa wotchi. Ku Johannesburg nako, munthu akati "just now" sakutanthauza pompano, mukhoza kudikira mpaka madzulo.

Kalendala ndiye imadya ndalama kwambiri. Chaka chatsopano cha ku China chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, tsiku lake limasintha chaka ndi chaka, ndipo mafakitale ambiri amatseka kwa masabata angapo chifukwa antchito amapita kwawo kumidzi. Ena sabwerera n'komwe ku fakitale yomweyo, moti katundu wopangidwa atangotsegula kumene amafunika kumuyang'anitsitsa. Sabata yoyamba ya Okutobala amatsekanso. Katundu wa pa sitima amatenga miyezi iwiri kapena kuposerapo kuti adutse pa doko la Dar es Salaam, Beira kapena Nacala n'kufika kuno, choncho amene akufuna kugulitsa pa Khirisimasi ayenera kukhala atamaliza oda yake Okutobala asanafike. Chionetsero cha Canton Fair, chimene chinayamba mu 1957, chimachitika ku Guangzhou kawiri pa chaka, mu Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi ndi mu Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala. N'chabwino kukaona katundu, koma mahotela amakwera mtengo nthawi imeneyo.

Ku Kariakoo ndi ku Deira mumzinda wa Dubai eni masitolo ambiri ndi Asilamu. Lachisanu masana amapita ku mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadani, umene umabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, nthawi yotsegula imasintha. Kumwa madzi kapena kutafuna chimanga pamaso pa munthu amene akusala si mlandu ku Dar es Salaam, koma n'kupanda nzeru ngati mukufuna akutsitsireni mtengo.

Chachitatu, moni ndi mawu ochepa a eni dziko

Apa ife Amalawi tili ndi mwayi, chifukwa kupereka moni tinayamwira. Ku Tanzania musadumphe moni n'kuyamba kufunsa mtengo. Kwa wamkulu mumati "shikamoo", iye amayankha "marahaba". Kwa wofanana naye, "habari za kazi". Onjezani mawu a pamsika: "bei gani" pofunsa mtengo, "punguza" popempha kuti atsitse, "jumla" kusonyeza kuti mukupikula, osati kugula chimodzichimodzi. Chiswahili n'chachibale ndi zinenero zathu, ndipo amene amakhala ku Karonga kapena amadutsa pa Songwe pafupipafupi amachitola msanga. Kulankhula Chingerezi chokhachokha ku Kariakoo kumakupatsani mtengo wa mlendo.

Chitchaina n'chovuta, ndipo palibe amene akuyembekeza kuti muchidziwe. Koma "ni hao" popereka moni, "xiexie" pothokoza, "laoban" poitana mwini sitolo, ndi "tai gui le" ponena kuti zadula kwambiri, zimamasula nkhope ya munthu. Dzina la banja ndi limene limayamba, choncho pa khadi lolembedwa mayina awiri kapena atatu, loyambalo ndi limene mumaika pambuyo pa Mr kapena Ms. Ambiri ogulitsa kwa alendo amadzipatsa dzina la Chingerezi. Ligwiritseni ntchito pocheza, koma dzina lenileni la munthuyo ndi la kampani yake mulilembe penapake, lidzafunika pa nkhani ya ndalama. Khadi lake lilandireni ndi manja awiri, muliwerenge, musalipinde n'kuliponya m'thumba lakumbuyo. Kulandira ndi manja awiri n'kwathu komwe, sikufuna kuphunzira.

Kwa Msilamu amene si mwamuna mnzanu kapena mkazi mnzanu, dikirani ayambe iye kutambasula dzanja. Akaika dzanja pachifuwa, inunso chitani chimodzimodzi. Ndalama ndi chakudya perekani ndi dzanja lamanja.

Foni ikonzeni musanakwere ndege. Ku China WhatsApp, Facebook ndi Google sizitseguka mwachizolowezi, malonda ambiri amayenda pa WeChat, ndipo pulogalamuyi imatha kumasulira uthenga wa Chitchaina. Itsegulireni kuno, muizolowere.

Chachinayi, phunzirani kumva ayi wa eni ake

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mpofunika kudekha.

Amalonda a ku China, monga ife, sakonda kukana poyera. Kuchititsa munthu manyazi pagulu, kapena kuvomera pamaso pa anthu kuti sungathe, n'chinthu cholemera kwambiri kwa iwo. Choncho mukafunsa kuti "mungathe kupanga nsapato izi m'masabata atatu?" yankho limakhala "mei wenti", kutanthauza kuti palibe vuto. Mawuwa nthawi zina amatanthauza kuti athadi. Nthawi zina amangotanthauza kuti amva funso lanu, ndipo sakufuna kukutayani. Mukamva kuti "n'zovutirapo pang'ono", "tikambirana ndi abwana", kapena uthenga wanu ukangokhala osayankhidwa masiku awiri pomwe kale ankayankha pompopompo, dziwani kuti mwina mwakanidwa.

Njira yake n'kusiya mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi. M'malo mofunsa ngati angathe pofika pa 20, funsani kuti ayamba liti kudula chikopa, makina awo amatulutsa mapeyala angati pa tsiku, ndipo pali maoda angati patsogolo pa yanu. Munthu amene sangathe amaonekera m'manambala ake, popanda inu kumukakamiza kunena kuti sangathe. Mukatero mwamusiyira ulemu wake, inunso mwapeza choonadi.

Pali mawu enanso oti muwatchere khutu: "chabuduo", kutanthauza kuti n'zofanana ndithu, kusiyana kwake n'kochepa. Mwaoda mabulangete obiriwira, abwera obiriwira motuwirako, wogulitsa n'kumadabwa kuti mukudandaula chiyani. Kwa iye wakupatsani chimene munapempha. Ngati mtundu, kulemera kwa nsalu kapena kukula kwa zipi kuli kofunika kwa makasitomala anu a ku Limbe, nenani poyambirira kuti pamenepa sipofunika kusintha ngakhale pang'ono, ndipo fotokozani chifukwa chake. Anthu amasunga lamulo limene alimvetsa kuposa limene angouzidwa.

Pomaliza kukambirana kulikonse, bwerezani zimene mwagwirizana m'mawu anu, kenako mupempheni nayenso abwereze m'mawu ake. Zimaoneka ngati zachibwana. Koma pamenepa ndi pamene mumatulukira kuti inu mumanena makatoni 50 pomwe iye amanena madazeni 50.

Azungu a kumpoto kwa Ulaya ali mbali inayo. Akalemba kuti "sampulo yanu sinafike pa muyezo wathu, chinyezi chachuluka", sakukunyozani ndipo ubale sunathe. Akukuuzani chofunika kukonza. Ayankheni ndi manambala ndi tsiku, osati ndi ndime zitatu zopepesa. Ndipo inu mukaona kuti simukwanitsa, auzeni msanga. Kwa iwo ayi wa lero ndi wa ulemu kuposa inde amene adzasanduke ayi mwezi wamawa.

Chachisanu, kunenerera ndi kumanga ubale

Ku Kariakoo kunenerera kuli ngati kwathu, kumafuna nthabwala ndi nthawi. Ku China kumachitikira pa kakyuleta: iye alemba mtengo, inu mufufuta n'kulemba wanu. Funsani msanga ngati nambalayo ili mu yuan, ndalama ya ku China, kapena m'madola, komanso ngati ikuphatikiza kukafikitsa katundu kwa okutumizirani.

Chenjezo langa lalikulu lili apa. Kuno tikanenerera kwambiri, wogulitsa amakana kapena amadya phindu lochepa, koma katundu amakhala yemweyo. Ku fakitale sizili choncho. Mukapanikiza mtengo kupyola pamene iye angapindule, akhoza kuvomera ndithu, kenako n'kuchepetsa nsalu, kuika guluu wotchipa, kapena kupyapyaletsa pulasitiki. Mtengo uliwonse uli ndi katundu wake. Zambiri zimene timazitcha "zatchaina" monyoza zinaodedwa choncho ndi amalonda athu omwe. Ndi bwino kufunsa kuti "pa mtengo uwu musintha chiyani?" kusiyana n'kusangalala kuti mwamugonjetsa.

Akakuitanirani tiyi kapena chakudya, pitani. Kumeneko ndi kumene amakuyezani ngati ndinu munthu wobweranso kapena wongodutsa, ndipo wobweranso ndi amene amapatsidwa katundu wabwino, nthawi zina ngakhale pa ngongole. Lawani zimene zabwera, musakwinye nkhope. Ngati simumwa mowa, nenani poyamba pomwe kuti ndi chifukwa cha chipembedzo kapena thanzi, amamva. Kuyamba kumwa n'kusiyira pakati ndiye kumavuta. Ndale zisiyeni, makamaka nkhani ya Taiwan. Dziko lathu linali pa ubale ndi Taiwan kwa zaka zoposa 40 lisanatembenukire ku Beijing kumapeto kwa 2007, ndipo si nkhani yoti muyambitse pa tebulo.

Kamphatso kochokera kwathu kamagwira ntchito: khofi wa ku Mzuzu, mtedza wa makadamiya, tsabola wa Nali. Kwa Mtchaina musapereke wotchi, chifukwa mawu ake amamveka ngati a maliro, ndipo pewani zinthu zinayi, nambala 4 imamveka ngati imfa. Kwa Msilamu, Malawi Gin ayi. Ndipo tisasokoneze zinthu: mphatso kwa mnzanu wa malonda ndi ina, ndalama yopatsa wa kasitomu pa chipata kuti asatsegule katoni ndi ziphuphu, kuno ngakhale uko. Palibe mwambo wa dziko lililonse umene ungakutetezeni mukagwidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, zonse zilembedwe, ndipo dziwani amene akudyetsa womasulira wanu

Ubale ukakoma, ife timachita manyazi kupempha pepala, ngati kuti tikumukayikira munthu. Manyazi amenewo ngodula. Tengani masampulo awiri ofanana, nonse musayinepo ndi peni yosafufutika, imodzi isale kwa iye, ina mutenge. Invoyisi ionetse mtundu, saizi, chiwerengero pa katoni, kulemera, tsiku lomaliza, ndi chimene chidzachitike katundu akasiyana ndi sampulo. Zimene mwakambirana pakamwa zilembeninso pa WeChat kapena WhatsApp tsiku lomwelo, m'ziganizo zifupizifupi, mfundo imodzi pa uthenga umodzi, chifukwa mnzanuyo akuwerenga kudzera pa makina omasulira. Miyambi ndi mawu ozungulira makinawo amazipotoza. Madeti lembani dzina la mwezi, chifukwa ku China amayamba ndi chaka, kenako mwezi, tsiku pomaliza.

Chizolowezi cha mafakitale ambiri n'kulipira 30 peresenti poyamba, yotsalayo katundu akatha kupangidwa koma asanapakiridwe. Musamalize kulipira musanaone katundu, inuyo kapena munthu wanu. Dzina la akaunti ya ku banki lifanane ndi la kampani imene ili pa invoyisi. Mukalandira uthenga woti akaunti yasintha, imbani foni pa nambala yakale mumve ndi khutu lanu.

Ambiri amadalira ejenti kapena womasulira, ndipo ku Guangzhou, m'madera a Xiaobei ndi Sanyuanli kumene kumasonkhana amalonda a ku Africa, mupezako ambiri, ena ndi Amalawi anzathu amene anapita kukaphunzira. Wabwino ndi chuma, chifukwa amakuuzani ngakhale zimene sizinanenedwe. Koma mufunseni mosabisa kuti amalandira zingati kwa inu ndiponso ngati wogulitsa amamupatsako kenakake. Safunsa anadya phula. Ejenti amene amadya mbali zonse ziwiri amakutengerani kumasitolo omwewomwewo, ndipo mukamadandaula amafewetsa mawu anu asanawafikitse. Kulankhula Chichewa si umboni wa kukhulupirika. Pokambirana, yang'anani mwini katundu, osati womasulira, ndipo tsiku lina yendani nokha mufunse mitengo ndi kakyuleta kuti muyerekeze.

Zonsezi simuyenera kudikira ndege kuti muziyesere. M'masitolo a amwenye ku Limbe, m'masitolo a Matchaina ku Lilongwe, pa chionetsero cha malonda cha pa Chichiri ku Blantyre, ngakhale pakati pa madalaivala a malori a ku Tanzania, muli kale sukulu. Onani amene amapanga chiganizo m'sitolomo, chifukwa nthawi zambiri si amene akulankhula nanu. Mukatuluka lembani m'kope lija chimene chakudabwitsani ndi chimene mukuganiza kuti chimatanthauza, kenako mufunse munthu amene wachita nawo malonda zaka zambiri. Samalani kuti kopelo lisadzale ndi ziganizo zoyamba ndi "Matchaina onse" kapena "Mataifa onse". Mtsikana wa zaka 25 wogulitsa pa intaneti ku Shenzhen ndi bambo wa fakitale ya m'banja ku Zhejiang ngosiyana ngati wa ku Area 47 ndi wa ku Nsanje.

Katundu akabwera wolakwika

Zidzachitika ndithu, ngakhale mutasamala chotani. Tsiku lotsegula makatoni jambulani vidiyo kuyambira katoni isanang'ambidwe, muwerenge zowonongeka, muziike pambali pa sampulo yosayinidwa ija n'kujambulanso. Kenako dikirani mtima utsike musanalembe kalikonse.

Kwa wa ku China kapena ku Tanzania, lemberani munthu amene munapangana naye payekha, osati pa gulu pamene pali abwana ake ndi antchito anzake. Musayambe ndi mawu oti wakuba. Nenani kuti pa mapeyala 600, okwana 85 amatuka guluu, zithunzi ndi izi, makasitomala anu akubweza, ndipo mukufuna kuodanso koma simungathe vutoli lisanakonzedwe. Musiyireni khomo lotulukira: mwina analakwitsa ndi opakira, mwina ndi amene anawagulitsa guluu. Inu simukufuna kuti avomere kulakwa, mukufuna ndalama yanu. Kubweza ndalama m'manja n'kosowa, ndipo kubweza katundu ku China nthawi zambiri kumadula kuposa katunduyo. Chimene chimatheka kawirikawiri n'kuchotsera pa oda yotsatira kapena kuwonjezera katundu waulere. Gwirizanani nambala yake, ilembedwe, ndipo idzaoneke pa invoyisi yotsatirayo. Kumuyalutsa pa Facebook kusungeni kumapeto, chifukwa mukangotero kukambirana kwatha.

Kwa kampani ya ku South Africa kapena ku Ulaya chitani mosiyana: imelo tsiku lomwelo, nambala ya invoyisi pamwamba, zithunzi, ndi chimene mukufuna achite pofika tsiku lakuti. Ambiri amaika masiku owerengeka oti munthu adandaule, ndipo amalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono kumbuyo kwa invoyisi. Mukachedwa chifukwa choopa kuoneka wamwano, masikuwo amatha.

Ngati munthu wasiya kuyankha, wakutsekani pa foni, kapena wabwereza cholakwa chomwecho kawiri mutamuuza momveka, imeneyo si nkhani ya miyambo. Sungani mauthenga onse ndi malisiti a ku banki. Ngati munagula kudzera pa msika wa pa intaneti wa Alibaba n'kulipirira pomwepo, tsegulani dandaulo nthawi yake isanathe. Ngati munagula pamsika, ejenti wanu akakambe ndi oyang'anira msikawo, ndipo oda yotsatira ipite kwa wina amene munatenga khadi lake ulendo womwewo.